Mtanda, Nsembe ndi Chiwombolo: Mmene Chithunzi cha Khristu Chinamvekera ku Msoro

Pofufuza mbiri ya zojambula ndi zosema za Chikhristu, akatswiri ambiri amayang'ana luso la mmisiri. Ife tikuona kuti chithunzi pachokha sichilankhula; wochiona amachimva kudzera m'mawu a chinenero chake. Tifotokoza mfundoyi poyang'ana mishoni ya Anglican ya ku Msoro, pakati pa Akunda, m'boma la Mambwe m'chigwa cha Luangwa.

Amene anayambitsa mishoniyi ndi Leonard Kamungu, wansembe wochokera ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, yemwe anadzozedwa unsembe mu 1909 m'bungwe la UMCA. Iye anaphunzira ku Kiungani, pa chilumba cha Zanzibar. Pa chilumbachi, mu 1873, bungwelo linayamba kumanga tchalitchi chachikulu pamalo pamene panali msika wa akapolo. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, kumadzulo kwa mapiri a Muchinga, umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone m'chaka chomwecho. Choncho mu mpingo umene unalera Kamungu, mtanda ndi kumasulidwa kwa akapolo zinali nkhani imodzi.

Tsono Mkunda woona chithunzi cha munthu wokhomedwa pamtanda kwa nthawi yoyamba akanachimva bwanji? Kwa iye chikanangokhala chilango cha munthu wolakwa. Mawu awiri a Chinyanja, chinenero cha Kamungu, ndiwo anatsegula tanthauzo lake.

Oyamba ndi akuti nsembe. Kalekale nsembe inali ufa kapena mowa wothiridwa pakachisi kapena patsinde pa mtengo, popepesa mizimu pa nthawi ya chilala kapena matenda. Mawuwa atalowa m'tchalitchi, wopachikidwayo sanaonekenso ngati wolakwa, koma ngati chopereka choyanjanitsa anthu ndi Mulungu. Kusiyana kwake kunali kwakukulu: kale wopereka anali munthu, pamtanda wopereka ndi Mulungu mwini.

Achiwiri ndi akuti kuwombola, kutanthauza kulipira kanthu kuti mbale wogwidwa ukapolo kapena woperekedwa chikole abwerere kwawo. M'chigwa cha Luangwa, mmene Achikunda ndi amalonda a kugombe ankadutsa ndi minyanga ndi akapolo, mawuwa sanali fanizo chabe. Akuluakulu ena amene anamva ulaliki woyamba anali atadzionera okha ukapolowo.

Kamungu anamwalira ku Msoro mu 1913, atatumikira zaka zochepa. Dzina lake linapatsidwa ku sukulu ya Anglican yophunzitsa ansembe ku Zomba.

Komabe zithunzi za m'mabuku ndi m'matchalitchi a nthawi imeneyo zinkachokera ku Ulaya, ndipo nkhope ya Khristu inali ya mzungu. Kusintha kooneka bwino m'dera lolankhula Chinyanja kunadza pa mishoni ya Katolika ya ku Mua, ku Malawi, kumene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976. Amisiri akumeneko anasema Khristu ndi Mariya ndi nkhope za anthu akuno, pa mitengo ya kuno komwe.

Tikuona tsono kuti chinenero chinatsogola, sompho ndi kutsatira pambuyo pa zaka zoposa 60. Ntchito yatitsalira ndi kulemba mmene okalamba a ku Msoro amafotokozera mtanda m'Chikunda, iwo asanapite ndi mawu awo.