Mbiri ya galimoto ya mphamvu ziwiri

Ambiri akamva za galimoto yoyendera petulo ndi magetsi pamodzi, imene imatchedwa hybrid, amaiyesa chinthu cha dzulodzuloli, ndipo ena amainyoza kuti ndi yofooka, yosatha kulimbana ndi chitunda. Komatu mbiri yake ndi yakale ndithu, pakuti pofika chaka cha 1901, mumzinda wa Vienna, mnyamata wina dzina lake Ferdinand Porsche, amene ankagwira ntchito kwa Lohner wopanga ngolo, anali atakonza kale galimoto yotere. Injini yake sinkazunguza mawilo, koma inkapukusa jenereta, ndipo magetsi otuluka m'menemo ndiwo ankayendetsa mamota omangidwa m'kati mwa mawilo enieniwo.

Nzeru inalipo, koma mabatire a mtovu a masiku amenewo anali olemera koopsa, mtengo wake unali wa mafumu okha. Tsono pamene Henry Ford anatulutsa Model T mu 1908, petulo ali wotchipa, dziko lonse linatsata njira imeneyo, ndipo galimoto ya mphamvu ziwiri inaiwalika kwa zaka zambirimbiri. Ngakhale pa mavuto a mafuta a 1973, pamene Victor Wouk wa ku America anaika mota ya magetsi mu Buick Skylark nasonyeza kuti zimatheka, akuluakulu a boma sanalabadire.

Mbiri ya kufooka ija inabadwa mu Disembala 1997, pamene Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan. Kunena zoona, inali yaulesi pothamanga, pakuti injini yake ya malita 1.5 sinkafika ngakhale horsepower 60; koma amisiri ake, motsogozedwa ndi Takeshi Uchiyamada, sanatumidwe kukapambana mpikisano, anatumidwa kukapulumutsa mafuta, ndipo si chilungamo kuweruza mtundu wonse chifukwa cha mwana mmodzi amene anapatsidwa ntchito ina. Amene anaiyendetsa mofatsa anaona chinthu chimene onyoza sanachione: pa maloboti injini imazima, galimoto nkukhala zii, koma phazi likangogunda, mota imakoka ndi mphamvu yake yonse nthawi yomweyo, pamene injini ya petulo imayamba yadzikoka kaye, ndipo poponda mabuleki, mota yomweyo imasanduka jenereta nibweza m'batire mphamvu imene ikadatayika ngati kutentha. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Taonani tsono, mlanduwu unakagamulidwa pa bwalo la mipikisano. Mu 2012 Audi R18 e-tron quattro inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, kukhala hybrid yoyamba kutero. Kuyambira 2014 galimoto zonse za Formula One zakhala za mphamvu ziwiri. Ndipo kampani yotchedwa dzina la Porsche yemwe uja inapambana ku Le Mans ndi hybrid mu 2015, 2016 ndi 2017.

Komabe munthu wogula Toyota Aqua kapena Honda Fit yakale yochokera ku Japan asadzinyenge ndi ulemerero umenewu, pakuti pa chitunda chachitali, katundu atadzaza, batire laling'ono limatha msanga, ndipo kainjini kamatsala kokha, kakulira, katasenzanso kulemera kwa batire lomwelo. M'tauni galimoto yotere siichepera inzake. Koma wofuna kukoka ngolo m'mapiri ayambe wafunsa kukula kwa injini ndi umoyo wa batire asanapereke ndalama zake.