NKHUKU NDI DIMBA M'MBIRI YA KAFUE

Munthu atakufunsani za mbiri ya tauni ya Kafue, mwina mungachule ulalo wa njanji, mafakitale ndi magetsi a ku Kafue Gorge. Mungayankhe bwino ndithu. Koma kodi munaganizapo za khola la nkhuku ndi kadimba ka repu kuseri kwa nyumba yanu? Zimenezi nazonso zili ndi mbiri yake, ndipo zinapulumutsa mabanja ambiri pa nthawi imene malipiro analephera kuwadyetsa.

Njanji ndi mishoni

Tauni ya Kafue inayamba cifukwa ca njanji. M'caka ca 1906 anamanga ulalo wotalika mamita 427 pa mtsinje wa Kafue, kuti sitima yocokera ku Livingstone ikafike ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Anthu anayamba kumanga pafupi ndi siteshoni, ndipo alimi anapeza njira yotumizira cimanga ndi ng'ombe ku misika yakutali.

M'caka ca 1918 amishoni a Primitive Methodist, motsogozedwa ndi mbusa John Fell, anatsegula sukulu yochedwa Kafue Training Institute. Pa sukuluyi anyamata anali kuphunzira za m'mabuku m'kalasi, ndiponso anali kugwira khasu ndi kuphunzira nchito zamanja pa famu ya mishoni. Mmodzi wa amene anaphunzira kumeneko ndi Harry Mwaanga Nkumbula, amene pambuyo pake anatsogolera cipani ca African National Congress. Sukuluyi lero ndi Kafue Boys Secondary School. Onani kuti ngakhale amene anadzakhala atsogoleri a dziko sanacite manyazi ndi dothi la m'munda.

Masiku a mafakitale

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, boma la Dr Kenneth Kaunda linasankha Kafue kukhala tauni ya mafakitale. Kampani ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga fataleza mu 1970, ndipo Kafue Textiles inali kuomba nsalu za thonje. Nyumba za ku Kafue Estates anazimangira anchito. Anthu anabwera kucokera kum'mawa, kumwera, kumpoto ndi kumigodi. Ena amene sanapeze nyumba za kampani anakhala m'makomboni monga Zambia Compound ndi Soloboni.

Ambiri a iwo anali atakulira kumudzi, conco sanasiye mwambo wa kwao. Mai akapita kukaona acibale anali kubwerako ndi msoti m'dengu, pamodzi ndi mbeu za maungu ndi therere. Bambo akalawirira ku nchito, ana anali kutsegulira nkhuku, kuziwazira gaga ndi kuthirira ndiwo asanapite kusukulu. Madzulo mwana anali kuziwerenga polowa m'khola, ndipo ikasowa imodzi anali kufunsidwa ngati yatengedwa ndi kabawi kapena yalowa kwa anansi. Zitosi za m'khola zinali kupita ku dimba monga manyowa, masamba otsala a ku dimba n'kubwerera ku nkhuku. Thadzi likakhalira mazira masiku 21, nyumba yonse inali kudikira anapiye. Mlendo wolemekezeka akafika, tambala anali kudziwa tsoka lake.

Pamene zinthu zinabvuta

Mtengo wa mkuwa unagwa ca m'ma 1975, ndipo cuma ca dziko cinayamba kulowa pansi. Boma linalimbikitsa anthu kubwerera ku ulimi, ndipo linayambitsa pulogalamu ya Lima, yophunzitsa banja kusamala bwino munda waung'ono. Lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala. Kukwera kwa mtengo wa unga kunabutsa zipolowe kumigodi mu December 1986, ndiponso mu Lusaka mu June 1990. Boma latsopano la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, malonda a kunja anatseguka. Salaula ndi nsalu zochipa zinadzaza m'misika, ndipo Kafue Textiles inafooka mpaka inatsekedwa m'zaka za m'ma 2000. Nayonso fakitale ya fataleza inacepetsa anchito. Pamwamba pa zonsezi, mu 1992 kunagwa cilala coopsa.

Pamenepo m'pamene khola ndi dimba zinaonetsa mphamvu zake. Bambo amene anali kuseka kadimba ka mkazi wake anayamba kunyamula keni yothirira. Amai anali kumanga repu, cibwabwa ndi matimati n'kukagulitsa kumsika kapena m'mbali mwa mseu wa ku Lusaka. Mwana akadwala, nkhuku imodzi inali kugulitsidwa. Yunifomu ndi makope zinali kucokera ku mazira. Funsani akulu a mumpingo mwanu, mudzapeza aphunzitsi ndi anamwino amene anatsiriza sukulu cifukwa ca ndalama zoterezi.

Nchitoyi inali ndi misozi yake. M'miyezi yotentha ya September ndi October, matenda a citopa anali kutsiriza khola lonse m'masiku owerengeka. Masiku ano katemera wake alipo, wodonthezera m'diso kapena wothira m'madzi akumwa, koma nkhuku zimafabe kumene eni ake amazengereza. Ambiri tsopano amaweta mabuloila, amene amakula m'masabata ngati 6, koma amafuna zakudya zogula ndi kutentha. Pa cilala ca 2024 madzi anacepa m'madamu, magetsi anali kuthima maola ambiri, ndipo oweta ena anali kucezera usiku kusonkha mbaula kuti anapiye asafe ndi mphepo.

Nanga inu?

Fakitale ikhoza kutsekedwa ndi anthu amene simunawaonepo, koma luso la m'manja mwanu palibe angakulandeni. Akulu amati mmera m'poyamba. Amai akakutumani kusesa m'khola, musanyinyirike ngati kuti akulangani. Pemphani thadzi limodzi likhale lanu, mulitemere, ndipo muzilemba m'kope mazira ndi ndalama zake.

Zokambirana m'gulu lanu

1. Kodi makolo kapena agogo anu anafika liti mu Kafue, ndipo anabwerera nchito yanji?
2. Pa cilala ca 1992, banja lanu linali kudya ciani? Kafunseni akulu, mudzafotokozere anzanu.
3. Kodi pa malo a chalichi canu pali danga lolimapo ndiwo zothandizira amasiye ndi okalamba?