Migodi ya Mfumu Solomo Imene Tinakaiona ku Harare

Sendererani kuno adzukulu anga, ikani kaye mafoniwo pansi. Kalekale ine ndinali tchona ku Harare, ndikupalasa makina osokera pakhonde la sitolo ku Mbare. Tsiku lina Loweruka ndinawauza agogo anu aakazi kuti avale chitenje chawo chatsopano, tipite ku bayisikopo. Mwana tinamusiya kwa anansi.

Kanema wake anali King Solomon's Mines, wa mu 1985, wochokera m'buku limene H. Rider Haggard analitulutsa mu 1885, zaka 100 ndendende m'mbuyo mwake. Chinadzaza holo ndi chakuti anamujambulira ku Zimbabwe komweko. Mapiri, tchire, ngakhale sitima ya malasha ya m'kanemamo, zonse zinali zapakhomo.

Nkhani yake, mtsikana Jesse Huston, amene ankasewera ndi Sharon Stone, akufunafuna bambo wake, mphunzitsi wofukula zakale. Adani awagwira mkuluwo chifukwa ndiwo akudziwa kumasulira mapu a ku migodi ya dayamondi. Mtsikanayo alemba ganyu mlenje Allan Quatermain, ndiye Richard Chamberlain, ndipo awiriwa ayamba ulendo akukangana ngati mphaka ndi galu. Kumbuyo kwawo kuli msilikali wa ku Germany, Bockner, wosasiyana ndi galamafoni yake ngakhale pakati pa thengo. Quatermain atakokedwa ndi sitima m'njanji, agogo anu anandifinya dzanja mpaka zikhadabo zinasiya zipsera. Chikondi cha awiriwo chinandigwira mtima chifukwa sichinabwere mothamanga. Chinakula ndi mavuto, monga chimakulira cha anthu enieni.

Malo amodzi okha anandiwawa. Awiriwo anawaponya mumphika waukulu ngati nyumba, ati anthu akuda awaphike. Holo yonse inafa nacho chiseko poona mphikawo ukugubuduzika kutsetsereka phiri, koma ine pakhosi panali pouma, poti odya anthuwo anali ndi nkhope zathu. Amene anandipukuta misozi ndi Ken Gampu, mkulu wa ku South Africa, amene ankasewera Umbopo. Ulendo wonse amayenda ngati wantchito, osadzitama, kumapeto n'kudziwika kuti ufumu wa dziko la kumigodiko ndi wake. Ataimirira pamaso pa anthu ake, amayi ena kumbuyo kwathu analiza nthungululu, ife tonse m'manja phwaphwaphwa!

Patapita chaka tinakwera basi kupita ku Masvingo kukaona nyumba zakale zamiyala za Great Zimbabwe, poti kanemayo anatisiyira ludzu la zakale. Kumeneko ndinamva kuti mzungu Karl Mauch atafika pamalopo mu 1871 anati nyumbazo n'zokhudza Mfumukazi ya ku Sheba, ndipo bodzalo linazika mizu. Koma mu 1929 mayi wina wofukula zakale, Gertrude Caton-Thompson, anakumba nthaka, nasanthula mapale, n'kunena poyera kuti omanga anali anthu a mu Africa muno.

Agogo anu anayandikira khoma lalikulu la pamalopo, miyala yosanjidwa bwinobwino popanda dothi kapena simenti. Analowetsa chala pampata wa miyala iwiri, n'kukhala chete nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka n'kundiuza kuti Umbopo akanayenera kukhala m'nyumba yotere. Dalaivala wa basi anachita kutiimbira hutala kawiri tisanachoke pakhomalo.