Ana Aakazi a Dotolo Lister ndi Tizigoba ta Nkhono

Mwa nkhono za pamtunda muli tina tating'ono zedi, tosaposa njere ya mpunga, tobisala m'ndere ndi pansi pa masamba owola. Munthu wofuna kusiyanitsa mitundu yake ayenera kuwerenga mizere yozungulira chigoba, kuona timano ta pakhomo pake, ndi kudziwa ngati chigobacho chinapotokera kumanja kapena kumanzere. Kale kamera isanabwere, zonsezi zinkadalira diso ndi dzanja la wojambula.

Martin Lister, dotolo wa ku England, analidziwa bwino vuto limeneli. M'chaka cha 1669 anali atalemba kale za tinkhono topotokera kumanzere, pamene nkhono zambiri zimapotokera kumanja. Tsono taonani msampha wake. Masiku amenewo chithunzi ankachizokota pa kathabwa ka mkuwa, ndipo pochidinda pa pepala chinkatembenuka monga ichitira nkhope pa kalilole. Wozokota akapanda kusamala, nkhono ya kumanja inkasanduka ya kumanzere, bukulo n'kumaphunzitsa bodza. Ngakhale Rembrandt, katswiri uja wa ku Holland, atazokota chigoba cha m'nyanja mu 1650, chinatuluka chotembenuka. Pa chithunzi chokongoletsera nyumba umenewo si mlandu, koma m'buku la wofufuza zolengedwa ndi kulakwa kwakukulu.

Ntchito yofuna kudekha chotereyi Lister anaipereka kwa ana ake aakazi, Susanna ndi Anna. Mu 1681, ali pa ulendo wa ku France, anawatumizira bokosi la utoto, onse awiri asanakwanitse zaka 12. Patapita zaka zinayi, gawo loyamba la buku lake lotchedwa Historiae Conchyliorum linatuluka, ndipo linali la nkhono za pamtunda. Pomwe bukulo linkatha mu 1692, timatabwa ta mkuwa tinali titapitirira 1,000. Atsikanawo anathera utsikana wawo wonse akuwerama pa zigoba, nthawi zina akuyang'anira pa galasi lokuza zinthu. Mu 1758 Carl Linnaeus, popatsa zamoyo maina achilatini, analozera owerenga ake ku zithunzi zimenezi.

Maina a Susanna ndi Anna analembedwa ndithu pa tsamba loyamba la bukulo, komabe mbiri inawaiwala msanga, mpaka ena ankayesa kuti mmodzi mwa iwo anali mkazi wa dotoloyo. Kumeneko kunali kuwalakwira. Timatabwa tawo ta mkuwa tinapita ku Oxford, kumene tinadindanso bukulo mu 1770, ndipo lero tikusungidwa m'nyumba ya mabuku ya Bodleian.