Kuchokera pa nsatsi kufika pa "mix": mbiri ya zomwe timadzola



Sabata yatha kuntchito kunabwera mayi wina wa msinkhu ngati wanga. Chimene anabwerera ndi mutu, koma ine maso anali pa nkhope yawo: masaya ofiira ngati apsa, timitsempha tikuonekera, tiziphuphu pachipumi ponse, koma mfundo za zala zakuda bii. Nditawafunsa chimene amadzola, anatulutsa kabotolo kopanda dzina m'chikwama. Anati, "Anesi, ndi ka mix chabe aka. Aliyense akudzola masiku ano."

Mawu oti "masiku ano" ndi amene andilembetsa izi. Nkhaniyi si ya masiku ano ayi. Inayamba amayi athu ali atsikana, ndipo mukaidziwa mbiri yake simudzapusitsidwanso ndi botolo latsopano.

Tiyambe ndi agogo athu a m'midzi yozungulira Lilongwe. Iwo sankagula mafuta. Kuseri kwa nyumba kapena pafupi ndi khola kunkamera nsatsi. Ankathyola njere zake, kuziyanika, kuzikazinga, kuzisinja mumtondo, kenako kuziwiritsa m'madzi. Mafuta akayandama pamwamba ankawatapa n'kuwasunga m'nsupa. Amenewo ndi amene ankadzoza mwana akamusambitsa, ndi amenenso namwali ankadzola potuluka m'tsimba. Mapazi ankakhula pa mwala kumtsinje kuti ming'alu isakule. Kukongola kwina kunali kwa mikanda, kwina kwa mphini. Sindikunena kuti zakale zonse zinali zabwino. Lumo limodzi lotemera anthu angapo lero tingalikane ndi mphamvu chifukwa cha HIV ndi matenda a chiwindi. Koma taonani ichi: ntchito ya mafuta inali yoti khungu lisalale, liwale, lisatuwe. Nsatsi sizinkasintha mtundu wa munthu, ndipo palibe ankayembekezera kuti zitero.

Atsamunda atakhazikitsa boma m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe mu 1904, komanso ulimi wa fodya utakula m'zaka za m'ma 1920, amwenye anatsegula masitolo kumene lero timati Old Town. Pamashelefu panayamba kuoneka sopo wa Sunlight ndi Lifebuoy, kalilole, ndi mafuta a m'botolo. Abambo opita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ndi ena okagwira ntchito ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, pobwera ankanyamula zinthu zomwezi m'masutikesi. Mwa zonsezo, chimene chinakhazikika m'nyumba iliyonse ndi Vaseline. Mwini wake, Robert Chesebrough wa ku America, anamupanga kuchokera ku phula la m'zitsime za mafuta a galimoto, ndipo analembetsa umwini wake mu 1872. Vaseline anangolowa m'malo mwa nsatsi. Ntchito ndi yomweyo: kutseka chinyezi kuti chisathawe m'khungu. Mpaka apa panalibe vuto.

Vuto linabwera ndi magazini. Mu 1951 ku South Africa kunayamba magazini ya Drum, imene inkawerengedwa m'mayiko ambiri a kuno kummwera kwa Africa. M'masamba ake munkadzaza zithunzi za atsikana oyera khungu, ovala bwino, ooneka ophunzira, pambali pali botolo la mafuta oyeretsa. Uthenga wake unali womveka ngakhale kwa wosadziwa kuwerenga Chingerezi: ukayera, upeza ntchito, upezanso mwamuna wa tayi. M'dziko limene khungu linkagamula kumene munthu agone ndi ntchito imene agwire, uthengawo unagwira mtima. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 dzina limene linamveka kwambiri ku Rhodesia, ku Zambia ndi kuno kwathu linali Ambi. Funsani amayi anu kapena azakhali, akuuzani. Akuuzaninso mwano umene unkatsatira: nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola.

Nthawi yomweyo Lilongwe ankakula. Mu 1975 anakhala likulu la dziko, maofesi anatsegulidwa ku Capital Hill ndi ku City Centre, atsikana anayamba ntchito za ukalaliki, uphunzitsi ndi unamwino. Malipiro oyamba ankathera ku PTC ndi ku Kandodo: paudala, perefyumu, mafuta odzola. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yolekezera pamwamba pa mawondo, choncho kutchena kwambiri kunathamangira ku nkhope ndi ku tsitsi.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta oyeretsa oyambirira ambiri anali ndi mercury. Mu 1972 madokotala a ku Nairobi analemba kuti atsikana ambiri amene ankabwera ndi matenda a impso, otupa miyendo ndi nkhope, anali odzola mafuta okhala ndi mercury. South Africa inaletsa mercury m'mafuta odzola mu 1975. Makampani sanatseke. Analimbikira mankhwala ena otchedwa hydroquinone. Chaka chomwecho cha 1975, dokotala wa khungu wa ku Pretoria, G. H. Findlay, ndi anzake anafotokoza zimene hydroquinone amachita akadzoledwa zaka zambiri: masaya ndi chipumi zimada kuposa kale, kuda kobiriwira, khungu n'kukhakhala. Matendawa dzina lake ndi ochronosis, ndipo ngakhale lero kuwachotsa n'kovuta zedi. Tangoganizani: mafuta amene unagula kuti uyere ndi omwewo akukudetsa, iwe n'kumawonjezera kudzola.

Ena anakana msanga. Ku Tanzania, achinyamata a chipani cha TANU anayamba kulimbana ndi mafuta oyeretsa mu 1968. Ku South Africa, Steve Biko ndi anzake ankaphunzitsa kuti munthu wakuda asadzichitire manyazi ndi khungu lake. Madokotala ndi magulu omenyera ufulu atakakamiza kwa zaka zambiri, mu 1990 South Africa inaletseratu hydroquinone m'zodzoladzola, n'kuletsanso kulemba pa botolo kuti mafutawo amayeretsa. Dziko limene linatiphunzitsa khalidweli ndi lomwe linayamba kulitaya. Kenya inaletsa ambiri mwa mafutawa mu 2001, Ivory Coast mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kuwalanda m'masitolo kumapeto kwa 2018. Pangano la Minamata, limene mayiko anasainirana mu 2013, nalonso limaletsa zodzoladzola za mercury.

Nanga kuno kwathu? Matipate ambiri atabwera mu 1994, malonda anamasuka. Mavenda anadzaza m'misewu ya Old Town, katundu akulowa kudzera pa Songwe, pa Mchinji ndi pa Dedza. Boma litachotsa mavenda m'misewu mu 2006, malondawo anasamukira m'misika ngati wa Tsoka. Apa m'pamene panafala mtundu wachitatu: mafuta a steroid. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, othandiza pa matenda ena a khungu akalembedwa ndi dokotala kwa masiku owerengeka. Werengani pa katoni ya Movate mupeza clobetasol. Pa Diproson mupeza betamethasone. Si zodzoladzola zimenezi. Zimayeretsa msanga, inde, koma ukadzola miyezi khungu limapyapyala, mizere yong'ambika imatuluka m'khwapa ndi m'ntchafu, ziphuphu ndi zipere sizitha, chilonda chimachedwa kupola. Ukamadzola thupi lonse, mankhwalawo amalowa m'magazi ndipo atha kukweza shuga ndi BP. Ife osoka mabala timalidziwa khungu lotere: ulusi ukakoka, limangong'ambika.

Musaganize kuti ili ndi vuto la kumsika kokha. Ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 zilikonso, kungoti botolo lake ndi lokongola, dzina lake ndi "organic" kapena "glow", ndipo amakubweretserani pakhomo mukaitanitsa pa WhatsApp. Mtengo ndi wokwera, koma chosakanizidwa m'katimo palibe akukuuzani. Mercury, hydroquinone, steroid: pa zaka zoposa 60 dzina lakhala likusintha, malonjezo ndi omwe aja, mabala ndi omwe aja. Ndipo kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, mercury amafika kwa mwana.

Chimene mafutawa amalimbana nacho ndi melanin, imene imapatsa khungu lathu mtundu wake. Melanin ndi ambulera imene tinabadwa nayo. Abale athu achialubino alibe yokwanira, n'chifukwa chake amafunika chipewa ndi mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse, ndipo khansa ya pakhungu imawavutitsa. Dzuwa la October la ku Lilongwe mukulidziwa. Munthu angalipire bwanji ndalama kuti achotse ambulera yake?

Tsono tizidzola chiyani? Mbiri yomweyi yayankha kale. Zimene zapirira zaka zonsezi osavulaza munthu ndi zotchipa zija.

1. Sambani ndi sopo wosaluma, madzi ofunda osati otentha kwambiri. Sopo wochapira zovala musamufikitse kumaso.

2. Dzolani mukangotuluka m'bafa, khungu lisanaume. Vaseline amagwira bwino pa khungu lonyowa. Mu June ndi July, pamene timatuwa mbuu, sakanizani glycerine pang'ono ndi madzi kapena ndi mafuta anu odzola. Ngati nkhope yanu ili ya mafuta kale kapena ya ziphuphu, zolemerazi zisiyireni manja ndi miyendo.

3. Pa ming'alu, viikani mapazi m'madzi ofunda, khulani pang'ono pa mwala ngati agogo, pakani Vaseline, valani sokosi pogona. Odwala shuga musakhule kapena kudula chilichonse ku mapazi, kaonetseni kuchipatala.

4. Chipewa ndi ambulera ndi zodzikongoletsera zotchipa kuposa zonse. Ngati mungathe, gulani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Madontho akuda otsala ndi ziphuphu amazimirira msanga akapanda kupsa ndi dzuwa.

5. Mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano si za kumaso. Zimawotcha, ndipo pamene papsa pamada.

6. Musagone ndi paudala, ndipo pensulo ya m'maso musabwerekane.

7. Mafuta a nsatsi akadali abwino ku tsitsi ndi ku mapazi, koma njere zake ndi poizoni mwana akatafuna. Zisungeni patali.

8. Botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda mndandanda wa zomwe zili m'kati, lopanda tsiku lothera ntchito, lisiyeni pomwepo. Likalonjeza kuyera m'masiku 7, thawani. Mankhwala a kuchipatala ogulitsidwa pa benchi mutha kukawanena ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Kwa inu amene mwadzola kale kwa miyezi kapena zaka, sindikukuweruzani. Tonse tinakula tikumva kuti "mwana woyera bwino". Koma ngati mafuta anu ali ndi steroid, musasiye lero lomwe panokha, chifukwa nkhope imatha kufiira, kuyabwa ndi kutuluka zidzolo, kenako mubwereranso ku botolo. Tengani botololo mupite nalo kuchipatala cha kufupi nanu, kapena kwa a khungu ku Kamuzu Central Hospital, akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono. Pemphaninso akuyezeni BP, shuga ndi mkodzo.

Mayi aja anandisiyira kabotolo kawo patebulo. Potuluka anandifunsa ngati khungu lawo lakale lidzabwerere. Ndinawauza zoona: mtundu udzabwerera pakapita miyezi, ziphuphu zidzatha, koma mizere yong'ambika ija ikhoza kutsala. Mwana wawo wamkazi ali Form 2. Anati madzulo omwewo akacheza naye.

Inunso kachezeni ndi anu. Ndipo mukapita kumudzi, kawafunseni agogo mmene ankayengera nsatsi, akadali moyo.