Mahedifoni omvera nyimbo kunyumba: mmene mungasankhire omveka bwino osawononga makutu

Anthu ambiri akamagula mahedifoni amayesa chinthu chimodzi chokha. Amawalumikiza ku foni, n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto, ndipo akamva bezi ikugunda m'mutu amatulutsa ndalama. Kayesedwe kameneka sikakuuzani ngati mahedifoniwo amatulutsa bwino nyimbo, komanso kamakuzolowetsani phokoso limene limapha makutu pang'onopang'ono. Mahedifoni abwino ndi amene amakumvetsani zonse za m'nyimbo voliyumu ili pansi.

Zimene phokoso limachita m'khutu

Mawu akalowa m'khutu amagwedeza kachikopa kopyapyala kotchedwa mwinikhutu. Kugwedezekako kumadutsa m'timafupa titatu n'kufika m'kachiwalo kooneka ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi tiubweya, timene timasandutsa kugwedezekako kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatopetsa timaseloti. N'chifukwa chake munthu akachoka ku dansi kapena ku chigayo amamva ngati m'makutu mwatsekeka, kapena mukulira. Nthawi zambiri zimenezi zimatha pakapita maola angapo. Koma zikamachitika mobwerezabwereza timaseloto timafa, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe mapiritsi, jekeseni kapena opaleshoni yotibwezeretsa.

Vutoli silipweteka, n'chifukwa chake limabwera mozemba. Mawu ang'onoang'ono okwera ndi amene amayamba kusowa. Munthu amamva ndithu kuti anzake akulankhula, koma pagulu, monga pamsika kapena paukwati, satolapo bwino zimene akunena.

Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo, mwachidule dB. Anthu akamacheza bwinobwino mawu awo amakhala pafupifupi 60 dB. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pamodzi ndi bungwe loona za matelefoni la ITU, linakhazikitsa muyezo wakuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa mlungu akumvetsera pa 80 dB, ndipo mwana asapitirire maola omwewo pa 75 dB. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mukangowonjezera 3 dB, nthawi yotetezekayo imadulidwa pakati. Pa 90 dB mumatsala ndi maola 4 okha pa mlungu, ndipo pa 100 dB ndi mphindi pafupifupi 20. Mafoni ambiri mukawakweza mpaka kumapeto amafika 100 dB kapena kupitirira. WHO imanena kuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pachiopsezo chodzavutika kumva chifukwa cha kamvedwe kotereka.

Yambani ndi kumvetsera nyumba yanu

Munthu sakweza voliyumu popanda chifukwa. Amakweza pofuna kupambana phokoso lomuzungulira: wailesi ya aneba, ana akusewera pakhonde, jenereta, nyimbo za ku bala yapafupi. Choncho musanasankhe mtundu, dzifunseni kuti malo amene mumamverako nyimbo ndi aphokoso bwanji.

Ngati ndi aphokoso, mukufunika mahedifoni aakulu okuta khutu lonse komanso otseka kumbuyo, amene pa bokosi amalembedwa kuti over-ear ndi closed-back. Zofewa zake zimazungulira khutu n'kutchinga phokoso lakunja, ndipo nyimbo zanu sizisokoneza amene mukugona nawo chipinda chimodzi. Vuto lawo ndi kutentha. M'mwezi wa Okutobala makutu amachita thukuta, makamaka ngati zofewazo ndi zachikopa chapulasitiki. Zansalu zimapitako mpweya, ngakhale kuti sizitchinga phokoso mofanana.

Ngati muli ndi chipinda chabata, otsegula kumbuyo, a open-back, ndi amene okonda nyimbo ambiri amawatama. Kampani ya ku Germany ya Sennheiser ndi imene inayamba kupanga mtundu umenewu mu 1968. Kumbuyo kwake kuli timabowo, ndipo nyimbo imamveka motakasuka, ngati oimba ali m'chipindamo osati m'mutu mwanu. Mumamvanso wina akagogoda pachitseko kapena mwana akalira. Koma paphokoso ndi achabechabe, chifukwa amalowetsa chilichonse ndipo mudzangokhalira kukweza.

Palinso oletsa phokoso, a noise cancelling. Ali ndi timaikolofoni timene timamva phokoso lakunja, kenako amatulutsa mafunde a mawu otsutsana nalo kuti lizime. Amagwira bwino ntchito paphokoso losasinthasintha monga la jenereta, fani kapena injini. Mawu a anthu ndi kuuwa kwa galu sawathetsa kwenikweni. Ndi okwera mtengo ndipo amadalira batire, koma kwa munthu wokhala pamalo aphokoso amathandizadi kuti voliyumu ikhale pansi. Musawavale mukuphika kapena mukuyang'anira mwana wamng'ono.

Tolowetsa m'khutu, timene ambiri tili nato, si toipa patokha. Tokhala ndi timphira kumapeto timatseka bwino ngati mwasankha kamphira kokukwanani. N'chifukwa chake m'bokosi mumakhala timphira tatikulu, tapakati ndi tating'ono, timene ambiri amangotaya. Kakakhala kosakwana, bezi imathawa, nyimbo imamveka yopyapyala, ndipo chala chimathamangira kokweza. Tapulasitiki tolimba tongokhala pakhomo pa khutu ndi timene sititchinga phokoso ngakhale pang'ono.

Manambala a pa bokosi

Pafupifupi bokosi lililonse limalembedwa kuti 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Amenewa ndi malire a kumva kwa munthu wachinyamata wa makutu abwino, ndipo amalembedwa pa mahedifoni otchipa ndi odula omwe. Asakukopeni.

Nambala yofunika kuiyang'ana ndi ya ma ohm, imene pa bokosi imakhala pa mawu akuti impedance. Mahedifoni a ma ohm 16 mpaka 32 amayenda bwino ndi foni. A ma ohm 250 kapena 300 anapangidwira ma amplifaya ndi zipangizo za mu situdiyo, ndipo pa foni wamba amamveka motsika komanso mopanda mphamvu. Mwachitsanzo, Beyerdynamic DT 770 Pro imapezeka ya ma ohm 32, 80 ndi 250, dzina limodzi lomwelo, pamene Sennheiser HD 600 ndi ya 300. Munthu akhoza kulipira ndalama zambiri n'kukhumudwa, vuto lili pa kusagwirizana kwa zipangizo basi.

Pa nkhani ya waya kapena Bluetooth, kunyumba waya ali ndi mwayi. Safuna kutchaja, magetsi akazima nyimbo zimapitirira, ndipo pa mtengo wofanana ndalama yanu imapita pa kamvekedwe osati pa batire. Sankhani amene waya wake amachotseka, chifukwa waya ndi amene amayamba kuduka. Ngati foni yanu ilibe kabowo ka 3.5 mm, pali kachingwe kolumikizira ku USB-C. Kumbukiraninso kuti mahedifoni sakonza nyimbo yoipa. MP3 ya 128 kbps kapena kutsikirapo, ngati zambiri zimene timathiridwa m'memori khadi, inataya kale zina mwa zokoma zake. Ya 320 kbps imamveka bwino koma imadya malo ndi bando yambiri.

Poyesa musanagule

Tengani foni yanu ndi nyimbo imene mumaidziwa bwino. Nyimbo ya kwaya ndi yabwino kwambiri pa ntchito imeneyi kuposa amapiano, chifukwa bezi yambiri imabisa zolakwika. Ikani voliyumu pakati. Kodi mukutha kusiyanitsa mawu a amayi ndi a abambo? Kodi mawu a nyimboyo akumveka limodzilimodzi, kapena aphimbidwa ndi ng'oma? Mvetserani ngati mbali zonse ziwiri zikumveka mofanana komanso ngati palibe kunjenjemera. Khalani mutawavala kwa mphindi zingapo, ndi magalasi omwe ngati mumavala, chifukwa amene akukufinyani m'sitolo adzakupwetekani mutu kunyumba. Dzina lotchuka pa mtengo wotsika modabwitsa nthawi zambiri limakhala la katundu wachinyengo.

Mukafika nawo kunyumba

Langizo la WHO ndi lakuti voliyumu isapitirire 60 peresenti, komanso muzipumitsa makutu pafupipafupi. Dziwani kuti 60 peresenti sifanana pa mahedifoni onse, ena amafuula kwambiri pamlingo womwewo. Njira yosavuta ndi iyi: ngati munthu amene waima pafupi nanu akuchita kukuwa kuti mumumve, kapena akumva nyimbo yochokera m'mahedifoni anu otseka, tsitsani. Mafoni ambiri a Android amachenjeza mukakweza kwambiri, ndipo ena ali ndi poikira malire a voliyumu. Pa iPhone pali gawo la Headphone Safety. Ikani malirewo, makamaka pa foni imene ana amabwereka. Musagone nawo akulira, chifukwa usiku umodzi ndi maola 7 kapena 8 amene khutu silinapume.

Tolowetsa m'khutu timakankhira phula mkati komanso timasunga chinyezi, zimene zimathandiza tizilombo kuswana. Muzipukuta timphira ndi kansalu koyera, musatilowetse m'makutu onyowa mukangochoka kosamba, ndipo musabwerekane. Phula musalichotse ndi machesi, nthenga kapena timitengo tathonje, chifukwa mumangolikankhira mkati ndipo mungaboole mwinikhutu.

Pitani kuchipatala ngati m'makutu mukulira kwa masiku angapo osasiya, ngati khutu likupweteka kapena kutuluka mafinya, kapena ngati anthu akudandaula kuti mumawabwerezetsa mawu ndiponso mumakweza kwambiri wailesi. Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, pitani tsiku lomwelo, chifukwa chithandizo chake chimagwira bwino m'masiku oyambirira. Kuyeza makutu sikupweteka. Amakuvalitsani mahedifoni m'chipinda chabata n'kukumvetsani timawu tosiyanasiyana, inu n'kumasonyeza mukamva. Ntchitoyi imachitika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre komanso ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, ndipo chipatala cha boma cha m'dera lanu chikhoza kukutumizani koyenera.