Ana a ku Karonga ndi Sukulu ya pa Khondowe

Pa masiku ano a chikondwerero kuyenera kuti tikumbukire njira imene makolo athu anayendamo pofuna maphunziro, osabisa minga yake.

M'chaka cha 1894 Dotolo Robert Laws anatsegula sukulu yogonera komweko pa phiri la Khondowe, imene inatchedwa Overtoun Institution. Pamenepo dziko la Ankhonde linali lisanapume, pakuti Mlozi, wogulitsa akapolo uja, anagonjetsedwa m'chaka cha 1895. Nkhondo itatha, anyamata a kuno anayamba kukwera phirilo, nakhalako miyezi yambiri kutali ndi amayi awo, naphunzira Chingerezi, masamu, ukalipentala ndi uphunzitsi.

Koma pobwerera kwawo anapeza kuti mudzi ndi sukulu sizilankhula chimodzi. Mpingo unaletsa mitala, mowa ndi magule ena, kotero kuti mwana wophunzira anachita manyazi ndi mwambo wa atate wake. Ophunzirawo analinso ndi dandaulo lawo: Charles Domingo anatsiriza maphunziro a ubusa koma sanadzozedwe, ndipo abusa oyamba achikuda anadikira kufikira 1914. Ana a sukulu yomweyo, monga Levi Mumba, ndiwo anayambitsa North Nyasa Native Association kuno ku Karonga m'chaka cha 1912, ndipo pofika 1929 ena anali atapatuka, nakhazikitsa African National Church, mpingo wolola mitala.

Mlandu wa sukulu zogonera unakula koposa ku Canada, kumene ana a eni dziko ngati 150,000 anachotsedwa kwa makolo awo, naletsedwa chilankhulo chawo, ndipo ambiri anafera komweko. Bungwe lofufuza choonadi linatsiriza ntchito yake mu 2015, ndipo Papa Francis anakapepesa mu 2022. Kwathu kuno ana sanatengedwe ndi lamulo la boma, chotero tisayese mabala awiriwa ofanana; koma tiphunzirepo kuti kuyanjana kumayamba ndi kumvetsera.

Pakati pathu ena amati tingoyamika, pakuti popanda Khondowe sitikadagwira cholembera. Ena amati mishoni inatipatsa buku nkutilanda ng'oma. Onsewa anena zoona, ndipo asatsekane pakamwa. Tsono ife aphunzitsi tipite kwa okalamba otsalawo, tilembe m'Chinkhonde zimene anapindula ndi zimene anataya, asanapite nazo kumanda. Pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.